Chitsulo chopepuka koma chosadyeka msanga: zimatheka bwanji?

Minibasi yakale ikamakwera mtunda wa ku Bangwe kapena wa ku Chilomoni, kawirikawiri imasiya utsi wabuluu kumbuyo. Makaniko wa ku Ndirande akauona utsi umenewo sachedwa kutchula matenda ake: maringi a pisitoni adyeka, oyilo akulowa mu silinda n'kumapsa limodzi ndi mafuta. Injiniyo sinagunde kanthu, palibenso chimene chathyoka. Zitsulo zangokhulana kwa zaka zambiri mpaka mpata umene unali wochepa kuposa tsitsi lanu wakula, basi.

Vuto limeneli likusowetsa tulo mainjiniya dziko lonse. Akufuna galimoto yopepuka kuti isamamwe mafuta ambiri, ndiye amathamangira aluminiyamu. Koma aluminiyamu ndi wofewa, amadyeka msanga. Ndiye atani? Yankho lake munaliona kale pamalo pamene akumanga nyumba, ngakhale mwina simunadziwe kuti ndi physics.

Bwanji tikulimbana ndi chopepuka?

Tiyambe ndi density, imene munaphunzira kale. Aluminiyamu ali ndi density ya 2.7 g/cm³, pamene chitsulo cha steel chili pa 7.8 g/cm³. Kunena kwina, botolo la lita imodzi litadzaza aluminiyamu lingalemere makilogalamu 2.7, koma la steel lingafike makilogalamu 7.8. Kusiyana kwake ndi pafupifupi katatu.

Tsopano kumbukirani F = ma. Minibasi yoyenda mu Masauko Chipembere Highway imaima pa Ginnery Corner, pa Chichiri, pa Maselema, ndi paliponse pamene kondakitala waona munthu. Nthawi iliyonse ikanyamuka, injini imayenera kukankha kulemera konse kwa galimotoyo kuti ithamangenso. Galimoto ikakhala yolemera, mphamvu yofunika imachuluka, mafutanso amapita ambiri. Paja petulo ndi dizilo yense timachita kugula kunja ndi ndalama zakunja, n'kumukoka kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Amene anaonapo mizere ya pa filing'i siteshoni safunika kuuzidwa kuti lita iliyonse ndi yamtengo wapatali.

Mkati mwa injini nkhani yake ndi yaikulu kuposa pamenepa. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, ndiye kuti ikuzungulira ka 50 pa sekondi imodzi. Pa kuzungulira kulikonse pisitoni imaima kawiri, kumwamba ndi pansi, n'kubwerera. Werengani: ikuima ndi kunyamukanso ka 100 pa sekondi. Pisitoni yolemera ingagwedeze injini yonse ndi kuwononga mphamvu pachabe. N'chifukwa chake mapisitoni a magalimoto ang'onoang'ono ambiri ndi a aluminiyamu. Ubwino wina ndi wakuti aluminiyamu amapititsa kutentha msanga, choncho pisitoni sisunga moto pamalo amodzi.

Kudyeka n'chiyani kwenikweni?

Chitsulo chimene chikuoneka chosalala ngati galasi, mukachiika pa maikulosikopu mupeza kuti chili ndi timapiri ndi tizigwa, ngati mmene ulili mzinda wathu uno wa Soche, Michiru ndi Ndirande. Zitsulo ziwiri zikagundana sizikhudzana paliponse ayi. Zimakhudzana pansonga pa timapiri timeneti pokha. Kumbukirani kuti pressure ndi mphamvu kugawa ndi malo. Malo akachepa chonchi, pressure ya pansongapo imakhala yoopsa.

Apa pamachitika zinthu ziwiri. Choyamba, nsonga zija zimatha kumatirirana ngati zawotcheredwa, ndipo chitsulo china chikasuntha, kachidutswa ka chofewacho kamazuka n'kupita. Aluminiyamu ali ndi khalidwe limeneli kwambiri, makamaka oyilo akachepa. Mukamva makaniko akuti injini yagwira, nthawi zambiri ndi izi: pisitoni yatentha, yatupa, yamatirira kukhoma la silinda.

Chachiwiri, kanthu kolimba kakalowa pakati kamalima mizere m'chitsulo chofewa monga khasu m'munda. Kuno kwathu mdani wamkulu ndi fumbi. Mu Seputembala ndi Okutobala, misewu yadothi ya m'makwalala a ku Machinjiri kapena Mbayani imadzutsa fumbi lokhala ndi timchenga ta quartz. Air filter ikabooka kapena oyilo akakhalitsa osasinthidwa, timchenga timeneti timasanduka sandipepa mkati mwa injini.

Kuti timvetse chifukwa chake mchenga umapambana, tiyeni tione sikelo imene Friedrich Mohs wa ku Germany anakonza mu 1812. Anasanja miyala kuyambira pa 1 mpaka 10, ndipo lamulo lake n'losavuta: cha nambala yaikulu chimakanda cha nambala yaing'ono. Chikhadabo chanu chili pa 2.5. Aluminiyamu wosasakaniza safika n'komwe pa 3. Galasi la pawindo lili pa 5.5, quartz ali pa 7, ndipo dayamondi ali pa 10. Mukaona poto wa aluminiyamu akukwechedwa ndi mchenga mpaka kuwala, dziwani kuti 7 akulimbana ndi 3. Madzi otuwa amene amatsika aja muli aluminiyamu weniweni. Potoyo akuwala, inde, koma akupyapyala tsiku ndi tsiku.

Lamulo la Archard

Mu 1953, John Archard wa ku Britain anafalitsa lamulo limene mainjiniya akugwiritsabe ntchito mpaka lero:

V = K × F × L ÷ H

V ndi kuchuluka kwa chitsulo chimene chadyeka. F ndi mphamvu imene ikukanikiza zinthu ziwirizo. L ndi mtunda umene zakhulana. H ndi kulimba kwa chofewacho pa ziwirizo. K ndi nambala imene imadalira mtundu wa zinthuzo komanso ngati pali oyilo kapena ayi.

Lamuloli likunena zimene wakabaza aliyense amadziwa kale. Mukanyamula katundu wolemera n'kumatsika naye mtsetse, mumafinya mabuleki mwamphamvu, ndipo amatha msanga: F wakula. Mukamayenda maulendo ambiri, amathanso msanga: L wakula. Koma taonani pamene pali H. Ali pansi, akugawa. Mukachulukitsa kulimba kawiri, kudyeka kumatsika ndi theka. Injiniya sangauze dalaivala kuti achepetse maulendo, ndiye zimene angathe kusintha ndi ziwiri: kukweza H ndi kutsitsa K.

Musaione ngati nkhani yaing'ono. Phunziro la kukhulana, kudyeka ndi kuthira mafuta lili ndi dzina lakelake, tribology, limene linatchuka kudzera mu lipoti la Peter Jost ku Britain mu 1966. Mu 2017, Kenneth Holmberg ndi Ali Erdemir anawerengera kuti pafupifupi 23 peresenti ya mphamvu zonse zimene dziko lapansi limagwiritsa ntchito zimathera pa nkhani imeneyi: 20 peresenti polimbana ndi friction, 3 peresenti popanganso zipangizo zimene zadyeka.

Nzeru ya konkire

Pitani pamene akumanga nyumba muone konkire. Muli simenti, mchenga ndi miyala ya kware. Miyala payokha ndi yolimba koma imangomwazika. Simenti ndiye amaigwira pamodzi. Pakhonde lakale la sukulu pamene mapazi apondapo zaka zambiri, mudzaona timiyala titatulukira pamwamba. Simenti wapamwamba anaperepeseka, kenako miyala inayamba kulandira mapazi onse, n'kuteteza simenti wotsala m'mipata.

Chinthu chopangidwa motere chimatchedwa composite: zinthu ziwiri zosiyana zili pamodzi, koma chilichonse chikuonekabe pachokha ndipo chikugwira ntchito yake. N'chosiyana ndi shuga mu tiyi, amene amasungunuka osaonekanso.

Mainjiniya anatenga nzeru yomweyi n'kuipititsa ku aluminiyamu. M'malo mwa simenti anaika aluminiyamu. M'malo mwa kware anaika timibulu tating'onoting'ono tolimba kwambiri, tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Totchuka kwambiri ndi tiwiri. Koyamba ndi alumina, Al₂O₃, amene ali pa 9 pa sikelo ya Mohs. Kachiwiri ndi silicon carbide, SiC, amene amapitirira pang'ono pa 9. Edward Acheson wa ku America anapeza njira yomupangira mu 1891, ndipo ndi yemwe uja wakuda amene amakhala pa sandipepa wina wa m'mahadiweya a ku Limbe.

Mwina mukufunsa kuti, kodi tikathira zimenezi kupepuka kuja sikutha? Tiyeni tiwerenge. Density ya SiC ndi 3.2 g/cm³. Tikatenga magawo 80 pa 100 a aluminiyamu ndi magawo 20 a SiC, poyeza ndi volume:

(0.8 × 2.7) + (0.2 × 3.2) = 2.16 + 0.64 = 2.8 g/cm³

Tachoka pa 2.7 kufika pa 2.8 basi, kutali kwambiri ndi 7.8 wa steel. Koma pamwamba pa chitsulocho tsopano pali timiyala tolimba kuposa mchenga. Aluminiyamu wapamwamba akangodyeka pang'ono, timibulu tija timatulukira n'kusenza katundu, monga kware wa pakhonde paja.

Pisitoni wamba ili kale ndi kanzeru kofanana ndi kameneka. Siipangidwa ndi aluminiyamu yekha ayi, muli silikoni pafupifupi 12 peresenti. Chitsulocho chikakhala chamadzimadzi, silikoni amasungunukamo. Chikamazizira, amapatukanso n'kupanga timakristo tolimba tomwazikana mkati monse. Imeneyi imatchedwa alloy, koma timakristo timeneti timagwira ntchito ngati ya kware.

Makampani a magalimoto anapitirira pamenepo. Mu 1983, Toyota inatulutsa pisitoni ya injini ya dizilo imene malo ozungulira ringi yapamwamba anawalimbitsa ndi timaulusi ta seramiki. Taonani nzeru yake: sanalimbitse pisitoni yonse, koma malo okhawo amene amadyeka kwambiri. Cha m'ma 1990, Honda inaika timaulusi ta alumina ndi kaboni m'makoma a masilinda a galimoto ya Prelude, m'malo mwa chitsulo cholemera chimene chinkaikidwamo kale. Mu 1996, galimoto ya Lotus Elise ya ku Britain inatuluka ndi madisiki a mabuleki a aluminiyamu wothira SiC.

Kaphikidwe kake

Njira yotsika mtengo kwambiri imatchedwa stir casting, ndipo aliyense amene anaphikapo phala aimvetsa msanga. Aluminiyamu amasungunuka pa 660 °C. Amamutenthetsa kupitirira pamenepo pang'ono, kenako amathira ufa wa SiC uku makina akuvundula, n'kukhuthulira m'chikombole.

Mavuto ake ndi a m'khitchini momwemo. Mukathira ufa wambiri nthawi imodzi osavundula bwino, phala limachita mibulu. Mu composite, pamene timibulu taunjikana pamakhala pofooka, ndipo mng'alu umayambira pomwepo. Mukavundula mopitirira muyeso mumalowetsa mpweya, chitsulo n'kutuluka ndi timabowo mkati. Mukasiya kuvundula n'kuchedwa kukhuthula, SiC amamira pansi poti ndi wolemerako.

Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi lakuti aluminiyamu wamadzi sakonda kunyowetsa SiC. Zimakhala ngati madzi pa tsamba la koko: amangopanga timadontho n'kugubuduka. Aluminiyamu akapanda kugwira bwino kambulu, kamazuka pa nthawi ya ntchito, n'kusanduka mchenga wokanda chitsulo chomwe kanayenera kuteteza. Pofuna kupewa zimenezi, amayamba awotcha ufawo kuti chinyezi chichoke, n'kuthiranso magineziyamu pang'ono, amene amathandiza kuti ziwirizi zigwirane.

Walira mvula walira matope

Composite yolimba imabwera ndi mavuto akenso. Mukachulukitsa timibulu, chitsulo chimasiya kupindika. Chikamenyedwa mwamphamvu chimathyoka m'malo mopindika, ndipo pa galimoto chitsulo chothyoka mwadzidzidzi n'choopsa kuposa chopindika. N'chifukwa chake ambiri amathira magawo 10 mpaka 20 pa 100, osati theka.

Chachiwiri, chinthu chimene sichidyeka n'chovutanso kuchidula. Mipeni wamba ya pa lathe imabuntha msanga, moti pamafunika mipeni yokhala ndi dayamondi kunsonga. Mtengo umakwera pamenepo. Chachitatu, timibulu tolimba timatha kudya chitsulo chinzake chimene chikukhulana nacho. Mwapulumutsa silinda koma mwapha ringi, ndiye mwapindulanji? Chachinayi, aluminiyamu amafooka akatentha kwambiri, choncho disiki ya buleki yotere siyenera lole yodzaza katundu imene ikutsika mapiri a pamsewu wa ku Chikwawa.

Pa vuto lachitatu lija, ofufuza anapeza njira yochenjera: kuthiramonso graphite, yemwe uja wa mu pensulo. Maatomu a kaboni mu graphite anasanjikizana m'magawo amene amatsetsereka mosavuta, n'chifukwa chake pensulo imalemba. Chitsulo chikamakhulana, graphite amapakika pamwamba ngati girizi wouma. Mu lamulo la Archard, SiC akukweza H pamene graphite akutsitsa K. Composite yokhala ndi zonse ziwiri imatchedwa hybrid. Koma graphite ndi wofewa, akachuluka chitsulo chimafooka, ndiye ntchito ya wofufuza ndi kupeza muyeso woyenera.

Zipangizo zili kwathu konkuno

Chosangalatsa n'chakuti zambiri mwa zimene tatchulazi zili m'nthaka ya Malawi. Paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu pamapezeka corundum, amene ndi alumina wachilengedwe. Akakhala wofiira ndiye ruby, akakhala wa mitundu ina ndiye sapphire. Graphite anapezeka wambiri ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Ndipo pamwamba pa phiri la Mulanje, makamaka ku Lichenya, pali bauxite, dothi limene aluminiyamu amachokeramo.

Nanga bwanji sitipanga aluminiyamu wathu? Chifukwa chimodzi ndi magetsi. Kuti mutulutse kilogalamu imodzi yokha pamafunika mayunitsi pafupifupi 14. Funsani kunyumba kuti mayunitsi 14 amatha masiku angati, kenako muganize za fakitale yotulutsa matani masauzande. Chifukwa china ndi phirilo: ndi gwero la mitsinje yambiri, ndipo ena mwa madzi amene timamwa mu Blantyre amachokera ku Likhubula. Kukumba pamwamba pake si nkhani yongothamangira.

Koma pali mgodi wina umene uli m'tauni momwe muno. Kusungunula aluminiyamu wakale kumangofuna pafupifupi 5 peresenti ya mphamvu zopangira watsopano. Anyamata amene amazungulira m'makwalala kugula zitsulo zakutha, komanso amisiri amene amasungunula zidutswa za injini n'kuumba mapoto, akugwira kale theka la ntchito ya stir casting. Ali ndi ng'anjo, ali ndi zikombole, ali ndi luso la manja. Chimene chikusowa ndi muyeso: kudziwa chimene chili m'chitsulocho, kutentha kwake, ndi kuyeza zotsatira.

SiC ndi wodula, choncho ofufuza a ku Nigeria ndi ku India akhala akuyesa kuthira phulusa la mankhusu a mpunga mu aluminiyamu. Mankhusu akapsa bwino, phulusa lake limakhala ndi silika woposa 80 peresenti, ndipo silika ndi SiO₂, mankhwala omwewo a quartz. Salimba ngati SiC, koma amaposa aluminiyamu kutali, ndipo ndi wopepuka. Ganizirani milu ya mankhusu imene imatsala pa zigayo za mpunga ku Karonga, ku Nkhotakota ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Ena ayesanso phulusa la zotsalira za nzimbe, zimene ku Nchalo ndi ku Dwangwa n'zosasowa. Mafunso ngati amenewa ndi amene amayankhidwa m'maphunziro a uinjiniya wa zitsulo, ndipo simufunika kupita kunja kuti mukawaphunzire: MUBAS ili pa Chichiri pompa, MUST ili ku Thyolo.

Yesani nokha

Choyamba chenjezo: musayerekeze kusungunula aluminiyamu kunyumba. Dontho limodzi la madzi likagwera m'chitsulo chamoto limasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kuwaza chitsulocho kumaso. Zoyesera zili m'munsizi sizifuna moto.

Yoyamba ndi ya Archard. Tengani choko chatsopano, muyeze kutalika kwake ndi rula. Chilowetseni mu kapaipi kongokwana bwino kuti chiime chilili, ndipo pamwamba pake muikepo kanthu kolemera kamene mukudziwa kulemera kwake. Kokani kapaipiko pa simenti mtunda wa mita imodzi ka 10, muyezenso chokocho. Pitirizani mpaka ka 20, ka 30, ka 40. Jambulani girafu ya kutalika kumene kwatha ndi mtunda umene mwayenda. Kodi mzere wake ndi wowongoka? Kenako wonjezerani kulemera kawiri, mubwerezenso. Lamuloli likuti kudyeka kuchuluke kawiri. Manambala anu akutero?

Yachiwiri ndi ya composite. Tengani timabokosi ta machesi titatu. Koyamba muikemo simenti ndi madzi basi. Kachiwiri, gawo limodzi la simenti ndi magawo 2 a mchenga wosefa. Kachitatu, gawo limodzi la simenti ndi magawo 8 a mchenga. Simenti amawotcha khungu, ndiye valani jumbo kumanja posakaniza. Muzitiwaza madzi kwa masiku 7, kenako mutisiye tiume. Yezani kulemera kwa kalikonse pa sikelo ya mu labu, mukakhule pamwala umodzi womwewo ka 100 ndi katundu wofanana pamwamba, muyezenso.

Musanayambe kukhula, lembani m'kope lanu kamene mukuganiza kuti kadyeka kwambiri, ndi chifukwa chake. Mukamaliza, yang'anitsitsani fumbi limene latsala pamwalapo. Ngati muli timchenga tathunthu tozuka, mwaona ndi maso anu chimene chimachitika mbulu wolimba ukapanda chougwira bwino. Bwerani ndi girafu ndi manambala anu m'kalasi, tidzawayerekeze ndi a magulu ena.